Gulu la banja: mabuku a chikumbutso cha agogo

Azakhali (Leeds): Mwadzuka bwanji nonse? Loweruka ndikupita kukagula mabuku aja a ana a kusukulu ya Aphunzitsi, okumbukira agogo. Aphunzitsi, ndiuzeni lero amene mwasankha, chifukwa munthu wonyamula katoni akubwera kumudzi mwezi wamawa.

Aphunzitsi: Tadzuka bwino azakhali, kaya inu. Ine ndatsimikiza mtima pa Eric Carle, wolemba ndi kujambula mabuku a ana. Ndikufuna onse akhale a munthu mmodzi kuti ana azolowere dzanja lake. Zithunzi ankazipanga ndi mapepala opyapyala, kuwapaka utoto, kudula, n'kumata. Nyama imadzaza tsamba lonse, kumbuyo kwake koyera. Mwana wokhala kukhoma lakumbuyo amaona ndithu kuti iyi ndi njovu.

Amalume (Joni): Ndalama kaye. Tinagwirizana K30,000 khomo lililonse. Makomo alipo 7, apereka ndi 3. Tikusankha mabuku ogula ndi chiyani?

Alamu (Area 25): Ife zathu tinatumiza kale pa Airtel Money, achimwene aakulu angachitire umboni.

Achimwene aakulu: Zinafika alamu, zikomo.

Aphunzitsi: Loyamba ndi The Very Hungry Caterpillar, la 1969. Kambozi kamadya apozi limodzi Lolemba, zipatso ziwiri Lachiwiri, masitiroberi anayi Lachinayi, mpaka malalanje asanu Lachisanu. Loweruka kadya zosakaniza mpaka m'mimba kupweteka, kenako tsamba limodzi lobiriwira, pomaliza kasanduka gulugufe. M'buku limodzi muli masiku a sabata, kuwerenga 1 mpaka 5 ndi moyo wa gulugufe. Ine ndiziwerenga m'Chingelezi n'kumafotokoza m'Chichewa, paja Sitandade 2 timaphunzitsa m'Chichewa, Chingelezi ndi phunziro chabe.

Mayi aang'ono (kumudzi): Koma ana athuwa sitiroberi amudziwa? Mbozi yathu imadya chimanga ndi masamba a mbatata.

Aphunzitsi: Amenewo ndiye mafunso amene ndimafuna mayi. Tikamaliza ndiwafunsa kuti kambozi kakanakhala ka kwathu kuno kakanadya chiyani Lolemba? Wina ati bango limodzi, wina masuku awiri, wina magwafa atatu. Tilemba pa bolodi, tijambula buku lathu.

Mayi aang'ono (kumudzi): Mango, osati bango mwanawe.

Aphunzitsi: Mango mayi, ndi foniyi.

Azakhali (Leeds): Ndaliona, lilipo laling'ono la makatoni olimba. Masamba ake ali ndi zibowo zoti mwana azipisamo chala. Ndigule atatu?

Aphunzitsi: Ayi azakhali chonde, laling'onolo ndi la mwana mmodzi pamiyendo pa mayi ake. Ine ndili ndi ana oposa 90, okhala pansi. Funsani lalikulu la m'kalasi, lija amalitcha Big Book. Limodzi lalikulu liposa ang'onoang'ono asanu. Ang'onowo ana adzalimbirana, pofika sabata yachiwiri chikuto kulibe.

Amalume (Joni): Lalikulu ndiye kuti ndalama zambiri. Ndikubwereza, apereka ndi 3. Ine ndinatumiza pa Mukuru tsiku lomwelo.

Achimwene aakulu: Tamva amalume.

Amalume (Joni): Mwamva koma ena akuwerenga osayankha. Ndikuwaona ine. Zisakhale ngati za chiliza zija.

Mayi aang'ono (kumudzi): Za chiliza tisaziyambe lero achimwene. Ine zanga ndipereka ndikagulitsa soya. Mukudziwa feteleza wandidyera zonse chaka chino.

Alamu (Area 25): Kodi mvula yagwa kumeneko mayi? Kuno kwangotentha.

Mayi aang'ono (kumudzi): Inawaza dzulo madzulo koma sitinadzale. Mbuzi ija ya agogo yaswa awiri.

Alamu (Area 25): Ambuye alemekezeke. Mutisungire imodzi ya Khrisimasi.

Msuweni (Mzuzu): Moni nonse, ndinali opanda bando. Mukukamba za mbuzi kapena mabuku?

Azakhali (Leeds): Mabuku. Aphunzitsi pitirizani, ndikulowa ntchito ya usiku posachedwa.

Aphunzitsi: Lachiwiri, ndipo ili ndiye ndalikonda kuposa onse, ndi From Head to Toe, la 1997. Nyama iliyonse imachita kanthu n'kufunsa mwana ngati angathe. Njati ikweza mapewa, ng'ona igwedeza chiuno, bulu aponya mateche, njovu iponda pansi mwamphamvu. Ana onse amaimirira n'kuyankha pamodzi. Ikamakwana 10 koloko ambiri amakhala akusinza ndi njala, makamaka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Buku lotere limawadzutsa, ndipo mawu a ziwalo za thupi amalowa osavutikira. Ngakhale kamtsikana kamene sikanayankhulepo m'kalasi chiyambire teremu kadzaponda pansi ngati anzake. Ngati ndalama zingakwanire limodzi lokha, gulani limeneli.

Msuweni (Mzuzu): Nanga lija la chimbalangondo? Brown Bear, Brown Bear. Ana anga kunasale analiloweza lonse.

Aphunzitsi: N'labwino pa mitundu, koma Carle anangojambula zithunzi mu 1967, wolemba ndi Bill Martin Jr. Komabe dzanja ndi lomwelo, ana saona kusiyana. Likhale lachinayi ngati ndalama zatsala.

Msuweni (Mzuzu): Lachitatu ndi liti?

Aphunzitsi: The Very Busy Spider, la 1984. Nyama zake ndi zapakhomo: ng'ombe, mbuzi, nkhumba, galu, tambala. Iliyonse imaitana kangaude kuti akasewere, iye ali jijirijijiri kuluka ukonde wake. Ana athu amadziwa kulira kwa zonsezi, sindidzavutika kufotokoza. Ulusi wa ukondewo ndi wotukuka pa pepala, umamveka ukaupapasa. Ndili ndi mnyamata mmodzi wosaona bwino, ndimamukhazika kutsogolo. Ameneyo adzagwira yekha.

Azakhali (Leeds): Apa mwandikhudza. Bambo akanakhalapo akanasangalala. Zaka zonse zija anaphunzitsa pasukulu imeneyo ndi choko chokha.

Alamu (Area 25): Pali lina limalira ngati nkhululu ukatsegula tsamba lomaliza, ndinaliona kwa abwana anga.

Aphunzitsi: The Very Quiet Cricket limenelo. Lisiyeni alamu, limayendera kabatire. Kakatha ndiye kuti mathero a nkhani afa, ndipo m'phokoso la kalasi yanga palibe angamve.

Amalume (Joni): Zonsezi n'zabwino koma ndalama. Apereka ndi 3. A ku Mzuzu, bando mwaipeza, nanga chopereka?

Msuweni (Mzuzu): Malipiro akalowa pa 27 amalume.

Amalume (Joni): Mwezi watha munatero.

Achimwene aakulu: Amalume basi. Nditumiza mndandanda madzulo, aliyense adzione yekha. A ku Zomba ndi a ku Kasungu ndiwaimbira, pagulu pano sanalembepo chilichonse chiyambire nkhaniyi.

Azakhali (Leeds): Ine ndigula atatuwo Loweruka ndi ndalama zanga, mudzandibwezera zikasonkhana. La chimbalangondo lidikire. Aphunzitsi, mukasunga kuti? Paja kalasi yanu ilibe chitseko.

Aphunzitsi: Mu ofesi ya ahedi muli kabati ya loko, ndalankhula nawo kale. Ndiwakutira ndi pulasitiki, mkati mwa chikuto tilembamo dzina la agogo.

Mayi aang'ono (kumudzi): Mulembe ndi mfunda wawo womwe.

Amalume (Joni): Achemwali mukagula musunge malisiti. Achimwene aakulu, mndandanda uja ndikudikira.