Ndayesa E7 ija pa kiyibodi, nazi zomwe zachitika

Abale, paja sabata yatha ndinafunsa kuti bwanji ndikamaimba kiyibodi mu key ya C, kuchoka pa chord ya C kupita pa chord ya Am zimangomveka zozizira ngati nyimbo yangogwa yokha. Ena munandiuza kuti ndiike E7 pakatipo, poti E7 ndi dominant ya Am, kutanthauza chord imene imakokera khutu ku Am, ngakhale mu key ya C mulibemo, nchifukwa chake amaitcha secondary dominant.

Ndayesa Lachinayi pokonzekera nyimbo za kwaya ndipo eee zasintha zedi. Chinsinsi chili pa G# amene ali mkati mwa E7, iyeyu ali pafupi penipeni ndi A, half step basi, ndiye khutu limangodikira kuti A afike ndipo akafika mtima umakhala m'malo. Ndinayesanso D7 ndisanafike pa G, F# amakoka chimodzimodzi, kenako C7 popita pa F pomwe Bb amatsikira pa A, imeneyi ndiye ndaikonda kwambiri polowa kolasi, mpaka tsitsi kuima.

Koma panabuka vuto. Pamalo pomwepo a alto amaimba G wamba ine ndikumenya G#, zinawombana moti a choirmaster anaimitsa nyimbo. Tinakhala pansi nkugwirizana kuti pomwe oimba ali ndi G ndiziimba Em, E7 ndiziika pomwe akupuma kapena ali pa E kapena B.

Panopa ndikulimbana ndi A7 popita pa Dm, C# wa mu A7 uja zala zanga sizinamuzolowere, amene muli ndi kagwiridwe kosavuta ndiuzeniko chonde.