Zilembo za Ashoka ku Saru Maru sizikuoneka pa chithunzi, titani?

Wofunsa: Akuluakulu, tikukonzekera kujambula mawu a Ashoka, mfumu yakale ya ku India, ogobedwa pathanthwe ku Saru Maru, pafupi ndi Panguraria ku Madhya Pradesh m'dziko la India, pamene pali mabwinja a ma stupa, zitunda zopatulika za Abuda. Zilembo za Brahmi, kalembedwe kakale ka ku India, n'zosazama, pena pamera ndere. Masana kamera ikungoonetsa mwala wosalala. Tipakemo choko, kapena tidinde papepala ndi inki?

Wosamalira miyala: Choko ayi achimwene, chonde. Uwu ndi mwala wamchenga, choko chimalowa m'timabowo osatulukanso, ndipo wopakayo amangolemba zimene akuganiza kuti zilipo. Pepala lonyowa lomenya ndi burashi limamatuka ndi mchenga, m'mphepete mwa chilembo n'kumadyeka. Ndere musapale, imachoka ndi khungu la mwala. Fumbi lokha, ndi burashi yofewa youma. Chilolezo cha Archaeological Survey of India, bungwe la boma losamalira malo akale, chikhale m'manja musanakhudze.

Wojambula: Vuto ndi kuwala, osati kamera. Chitani RTI kukada, ndiko kujambula malo amodzi kambirimbiri kuwala kukuchokera mbali zosiyanasiyana, kenako pulogalamu ya pakompyuta n'kuphatikiza zithunzizo. Kamera ikhale pa tripod, yolunjika pamwala, focus ndi exposure zotseka pa manual. Ikani kampira kakuda konyezimira m'mphepete mwa chithunzi, chifukwa pulogalamu imadziwira pamenepo kumene kuwala kwachokera. Flash muziisuntha mozungulira, kuyambira madigiri 15 mpaka 65 kuchokera pankhope ya mwala, zithunzi pafupifupi 48. Mtunda wa flash kuchokera pamwala ukhale katatu kapena kanayi kukula kwa malo mukujambulawo. Yezani ndi chingwe kuti usasinthe. Tripod ikagwedezeka pang'ono pokha, zithunzi sizigwirizananso, muyambirenso. Choncho musadine kamera ndi dzanja, gwiritsani remote.

Wowerenga Brahmi: Ndiwonjezere, mayi ndi abambo. Jambulani tizigawo ting'onoting'ono, chifukwa pamwalawu mkangano uli pa zilembo zochepa. Katswiri wa zolemba zakale D. C. Sircar anawerenga kuti mfumu Piyadasi, yemwe ndi Ashoka yemweyo, ikulankhula kwa kalonga Samva paulendo wopita ku vihara, nyumba ya amonke a Chibuda, ya ku Manemadesa. Katswiri wina, Harry Falk, anadula mawu omwewo mwina, n'kupeza kuti Piyadasi anafika pamalopo akadali kalonga. Zilembozo n'zondondozana, wowerenga ndiye amadula. "Va" ndi kabwalo kokhala ndi kandodo pamwamba, "ma" ndi kabwalo ka nyanga ziwiri. Nyanga imodzi ikafufutika mwasokera. Kadontho ka anusvara, kosonyeza liwu la m'mphuno, nako kamafanana ndi kabowo kachilengedwe.

Wofunsa: Nanga pamene mwala wapindika?

Wojambula: Pamenepo photogrammetry, ndiko kujambula mwala kuchokera mbali zambiri kuti pulogalamu ipange chithunzi cha 3D. Chithunzi chilichonse chilowerere m'chinzake magawo awiri mwa atatu, kuwala kofanana paliponse, ndi timiyeso tiwiri ta masentimita pambali. Musamate chilichonse pazilembo.