Zotsatira za funso langa lokhudza kamvekedwe ka Fratres

Mwezi wathawu ndinafunsa chifukwa chimene nyimbo ya Fratres yopekedwa ndi Arvo Pärt, yomwe Gidon Kremer (pa vayolini) ndi Keith Jarrett (pa piyano) anaimba pa chimbale cha Tabula Rasa chimene kampani yojambula nyimbo ya ECM inatulutsa mu 1984, imayambira motsika kwambiri ndiponso piyano yake imamvekera yopyapyala. Amene munandilangiza kuti ndisiye sipika ya foni munanena zoona, pakuti kasipika kotere sikatha kutulutsa mawu akuya a piyano. Nditamvetsera CD ndi mahedifoni, ndinamva vayolini ikuyamba yokha chapansipansi, n'kumakwera mpaka piyano italowa ndi mawu amabesi amene amachedwa kuzirala, ndipo ngakhale kukhuza kwa uta pa zingwe kunkamveka. Kutsika kwa poyambako ndi kwadala, choncho musafulumire kukweza voliyumu.