Thandizeni: kabokosi kolumikiza amplifier yakale ku Wi-Fi

Abale anga, ndigawireni nzeru. Ndili pa Chitakale kuno ku Mulanje. Ndili ndi amplifier ya Pioneer imene malemu bambo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndi masipika ake awiri amatabwa aja. Imalira bwino mpaka lero, kungoti kumbuyo kwake kuli timabowo tofiira ndi toyera ta RCA basi.

Ndinagula ka Bluetooth receiver ku Limbe koma kandikwana. Ndikalowa kukhitchini foni ili m'thumba, nyimbo zimadukaduka. Lamlungu lapitali alendo ali pabalaza, kwaya ili mkati, foni inaitana. Nditayankha, mawu a alamu anga okumbutsa ngongole anamveka pa masipika onse awiri. Manyazi ake!

Mwana wa achimwene akuti ndipeze streamer yokhala ndi DAC (kachipangizo kosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu oti amplifier ilandire) mkati, yokoka nyimbo yokha pa Wi-Fi, foni n'kumangokhala ngati rimoti. Yotchipa ndi iti? Nanga siindithera bandulo? Ndimadalira MiFi.

Wa ku Luchenza: Achimwene, funani WiiM Mini. Ili ndi Spotify Connect, yomwe imachititsa kuti kabokosiko kazikoka kokha nyimbo za pa Spotify, ndiye foni ikaitana nyimbo zimangopitirira. Mudzafuna chingwe cha 3.5mm mbali ina, RCA mbali inayo. Imadya moto wa 5V pa USB, magetsi akathima ine ndimangoilumikiza ku power bank. Amplifier yanuyo ndiye ayi, imeneyo mpaka ayake.

Wina: Bwanji Chromecast Audio? Inali yotchipa ija.

Wa ku Luchenza: Google inasiya kupanga mu 2019. Zotsala ndi zakaunjika, ndipo ogulitsa amakweza mtengo poti zikusowa.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Bambo, za bandulo muwerengetse kaye. Spotify mukaiika pa 320 kbps imadya pafupifupi 144 MB pa ola. Maola atatu tsiku lililonse, mwezi usanathe mwadutsa 12 GB. Ine ndinamanga streamer yanga ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, pamwamba pake kabolodi ka HiFiBerry DAC, pulogalamu yake Volumio. Nyimbo zonse ndinazikopera pa flash n'kubaya pa Pi pomwepo. MiFi ikayaka, ngakhale ilibe bandulo, foni ndi Pi zimaonana, ndimasankha nyimbo ndili pakhonde. Koma pamafunika mtima wodekha, tsiku loyamba ndinagona cha m'ma 1 koloko. Ndipo musamayike pafupi ndi zenera, chiperoni chathuchi chimachititsa dzimbiri timabowo.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, koma zomanga ndekha ndingaotche zinthu. Ma CD a bambo alipo katoni yonse, mwana uja akuti awakopera pa laputopu. Achimwene a ku Luchenza, WiiM ija ingamaimbe nyimbo za pa laputopu?

Wa ku Luchenza: Eya, kudzera pa DLNA, njira imene zipangizo zimagawanirana nyimbo pa Wi-Fi, bola zonse zikhale pa MiFi imodzi. Tumani obwera kuchokera ku Joni, koma ayiyese ali komweko.