printk ikundidulira mzere, abwana akufuna driver mawa

Membala wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Ndapatsidwa driver ya Linux (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yomwe analemba mnzathu wina amene anasiya ntchito osasiya ngakhale comment imodzi, abwana akuti ikhale itatheka mawa chonsecho malipiro a mwezi watha sindinawaone, laputopu nayo ikutentha ngati simbi, usiku wachitatu uno osagona. Muli loop yolemba ma byte ndi printk (function yolembera mauthenga mu log ya kernel, mtima wa Linux), pa board yakale amatuluka mzere umodzi bwinobwino koma pano byte iliyonse ili pa mzere wakewake, ndipo ndikalemba dmesg -l info kuti ndione mauthenga a level ya info ukubwera mzere wa mutu wokha ma byte kulibe. Ndalodzedwa kapena?

Mdala wa C: ANA A MASIKU ANO. Mwatiuza za malipiro, za laputopu, koma kernel yake ndi iti? Code ili kuti? Kapena tiombeze ula?

Kachidutswa: Zinandichitikirapo izi, ndinaika comma pakati pa KERN_INFO ndi uthenga, ndinasaka mpaka kucha. Paja KERN_INFO ndi ka string chabe kosonyeza level (kufunika kwa uthenga) komata kutsogolo. Bwana wanga naye anali ngati wanuyo, ndinamusiya.

Mdala wa C: Si za comma izi aise usasokoneze munthu. Ife tinayamba nthawi imene level inkalembedwa "<6>" poyera, za \001 zabwera mu 2012. Kuchokera 0 EMERG mpaka 7 DEBUG tinkaloweza pamtima, inu kuwerenga Documentation ngati akulipiritsani.

Dzimbiri: Bwanji osangoilemba mu chilankhulo cha Rust? Chinalowa kale mu kernel 6.1.

Mdala wa C: Nayenso uyu wafika. Munthu akumira iwe ukumugulitsa boti.

Mlongo wa ma driver: Achimwene, ndikuganiza kuti board yatsopanoyo ili ndi kernel 4.9 kapena kuposa. Kuyambira pamenepo, mu 2016, printk yopanda KERN_CONT (chizindikiro chopitiriza mzere) imayamba mzere watsopano ngakhale yapitayo isanathe ndi \n. Popeza ma byte anuwo alibe level akutenga ya default, kawirikawiri 4, ndiye ali ku warning. Onani nambala yachiwiri mu /proc/sys/kernel/printk. Mu loop muikemo pr_cont, yomwe ndi printk ya KERN_CONT.

Mdala wa C: pr_cont AYI mlongo. CPU ina ikalemba pakati mzere wako uduka basi, ndi chifukwa chake checkpatch.pl, script yoyendera code ya kernel, imadandaula nayo. Ine inandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala, log yonse zidutswazidutswa.

Mlongo wa ma driver: Bambo, pofika mawa pr_cont imupulumutsa, sikuti akutumiza patch kwa Torvalds, woyambitsa Linux.

Mdala wa C: Zongoyembekezera zimenezo ndi zomwe zimakhala zaka khumi.

Chete-chete: %*ph imalemba ma byte mpaka 64 ndi printk imodzi, loop osafunikanso. Akachuluka print_hex_dump.

Kachidutswa: Koma za malipirozo musazisiye, driver osapereka asanakulipireni kkkk

Dzimbiri: Laputopu yotenthayo tsegulani mupukute fani.

Mdala wa C: Kapena scnprintf mu buffer kenako ulembe kamodzi. Koma poti nanena ndi ine mdala simumva.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Fani ndapukuta yasiya kulira. Abwana aimbanso kawiri sindinayankhe. Ndaika pr_debug m'malo mwa printk ndiye pano palibe chikutuluka olo chimodzi.

Mlongo wa ma driver: pr_debug wakuuzani ndani? Imeneyo imafuna muyatse DEBUG kapena dynamic debug kuti itulutse kanthu. Tatumizani zomwe uname -r ikunena, tidziwe kernel yanu.

Mdala wa C: Ndinafunsa zomwezo m'mawa.