Mpira watha, tionetse mafilimu otani m'mashoo athu a mu Mzuzu?

Wa shoo ya ku Chibavi:

Akuluakulu ndi anzanga nonse a ntchito imodzi, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kuyambira pamene ligi ya ku England inatha mu Meyi. Tsiku la mpira mabenchi anga onse 8 amadzaza mpaka ena amaimirira pakhomo, koma tsopano ndiyenera kudalira mafilimu okha kufikira ligi iyambenso mu Ogasiti, pomwe lendi ya nyumba ndi mafuta a jenereta sizidikira munthu. Lachitatu lapitali ndinaonetsa filimu ya wapolisi wofufuza za imfa ya munthu amene anapezeka m'chipinda chokhomedwa m'kati. Ine ndinaikonda kwambiri, moti kunyumba ndinaionera kawiri, chifukwa wolakwayo sadziwika mpaka kumapeto kwenikweni. Analowa anthu 11, koma pamene inkatha tinali titatsala atatu: ine, mlonda wanga, ndi mnyamata wina amene anali atadzikuta jekete n'kugona pabenchi yakumbuyo. Ndikupempha kuti aliyense anene zimene waonera masiku ano ndi mmene anthu ake anazilandirira, kuti ndidziwe poyambira.

Mayi wa shoo ya ku Zolozolo:

Achimwene, pepani, koma ndinena mosabisa kuti munasankha filimu ndi mtima wanu, osati ndi mtima wa amene amalipira pakhomo. Inenso ndinagwapo m'mbuna imeneyi. Sabata yatha ndinaonera filimu ya ku India ya mtsikana amene makolo akufuna kumukwatitsa kwa mwamuna wolemera pomwe iye akukonda mwana wa wantchito wawo. Kwa ine inali yotopetsa, pakuti nkhani ikangofika pokoma onse amayamba kuvina paphiri, ndipo nyimbo imodzi imatenga nthawi yoti munthu n'kupita kukatunga madzi n'kubwerako. Komabe nditaionetsa Lachisanu masana, amayi amene amakhala atamaliza kugulitsa ndiwo zamasamba anadzaza theka la chipinda, ena akulira, ena akumukalipira bambo wa mtsikanayo ngati akuwamva.

Chimene ndaphunzira n'chakuti mafilimu ambiri a ku India amatenga pafupifupi maola atatu ndipo amapangidwa ndi malo opumira pakati, pamene nkhani imakhala itafika pachimake. Ine ndimaimitsa pomwepo kwa mphindi khumi, mwana wanga n'kulowa ndi beseni la mandasi ndi fulasiki ya tiyi, ndipo m'nyengo yozizira ngati ino phindu la tiyiyo limaposa ndalama ya pakhomo. Palibe amene amachoka, chifukwa aliyense amafuna kudziwa ngati ukwatiwo uchitike.

Woika mafilimu m'mafulashi, pafupi ndi msika wa Taifa:

Bambo a ku Chibavi, ine ndilibe shoo, koma anthu amene amathawa m'mashoo mwanu amadzera pa tebulo langa, choncho ndimamva zimene amadandaula. Ndikufunseni: filimu ya wapolisiyo inali yomasuliridwa m'Chichewa kapena inali ndi mawu olembedwa m'munsi mwa sikirini? Ngati inali ya mawu olembedwa, vuto lagona pamenepo. Filimu yofufuza milandu imayenda ndi zokambirana, ndipo munthu akaphonya chiganizo chimodzi chokha, monga pamene mboni ikunena ola limene inamva chitseko chikutsekedwa, zonse zotsatira zimakhala zopanda mutu kwa iye. Amene wakhala pabenchi yachisanu sangathe kuwerenga Chingerezi chimene chikuthamanga pa sikirini yaing'ono, makamaka ngati jenereta ikulira kuseri kwa khoma. Filimu ya nkhonya ndi yosiyana, chifukwa ngakhale mutatseka sipika aliyense amaona amene wamenya ndi amene wagwa.

Komanso si womasulira aliyense amene ali wabwino. Dzana ndinaonera filimu ya asilikali opulumutsa anzawo ogwidwa m'nkhalango, ndipo zithunzi zake zinali zabwino, koma womasulirayo anaiwononga. Anaulula pachiyambi pomwe kuti mkulu wa gululo ndi kazitape, kenako anadzaza malo onse a chete ndi nthabwala ndi kupereka moni kwa anzake a kumudzi. Womasulira waluso amadziwa pokhala chete. Ndikulangizani kuti muzimvetsera mphindi makumi awiri zoyamba musanalembe dzina la filimu pabolodi, chifukwa ena amalowetsamo mawu otukwana amene mulibe m'filimu yeniyeniyo. Pa zimene zikuyenda kwambiri kwa ine, masizoni a ku Korea a nkhani za mafumu akale ndiwo ali patsogolo, kenako mafilimu oopsa a mizukwa, amene anyamata amawafunsa tsiku lililonse.

Mkulu wa shoo ya ku Chiputula:

Mwana wanga wa ku Taifa wanena zoona pa nkhani ya omasulira, koma pa mafilimu oopsa ndikutsutsana naye. Amene amatenga filimu ya mizukwa pa fulashi amakaonera kunyumba kwake, chitseko chili chokhoma ndipo bulangeti lili pafupi. Wa m'shoo ayenera kutuluka 9 koloko usiku, n'kuyenda m'njira zathu za mdima ndi nkhungu ya Juni ili tolo. Mwezi watha ndinayesa imodzi ya banja limene lasamukira m'nyumba yakale, mwana wawo n'kuyamba kulankhula ndi munthu wosaoneka. Kunena zoona inapangidwa mwaluso, chifukwa imaopseza ndi phokoso la matabwa ndi zitseko, osati ndi magazi, ndipo ine ndemwe, ndi imvi zangazi, ndinayang'ana kumbuyo kawiri potseka shoo. Koma mawa lake anabwera anthu ochepa, ndipo mayi wina anadzandidandaulira kuti mng'ono wake anakana kupita yekha kuchimbudzi usiku wonse. Ngati mukufuna kuonetsa zoterezi, ikani Loweruka masana dzuwa likadalipo.

Usiku wa m'kati mwa sabata ndi wa anyamata a Sacramento, onyamula anthu pa njinga aja, ndi onyamula katundu mumsika, amene amafika atatopa ndi kupalasa njinga m'zitunda za mzinda uno. Iwowa safuna kuganiza kwambiri, amafuna karate kapena nthabwala, filimu ya ola limodzi ndi theka yoti ithe asanayambe kusinza. Mafilimu a ku Nigeria a nkhani za m'banja, apongozi ankhanza ndi chuma chamasiye, amandithandiza mwanjira ina, pakuti ambiri amabwera m'magawo awiri kapena atatu. Ndimaonetsa gawo loyamba Lolemba, lachiwiri Lachiwiri, ndipo munthu amene waona mkazi wamasiye akuthamangitsidwa pakhomo sangalephere kubwera kudzaona ngati mlamu wakeyo alandire chilango.

Ndiwonjezere chenjezo, popeza njala ya makasitomala imapangitsa ena kuchita zosayenera. Musalowetse ana ovala yunifolomu nthawi ya sukulu, ndipo musayese n'komwe mafilimu olaula pofuna kudzaza mabenchi. Lamulo loyang'anira mafilimu ndi zosangalatsa lilipo, ndipo shoo imodzi ikagwidwa, mafumu a m'mabuloko ndi makolo amatida tonse.

Wa shoo ya ku Chibavi:

Zikomo kwambiri nonse. Achimwene a ku Taifa mwalasa, filimuyo inali ya mawu olembedwa, ndipo sikirini yanga ndi ya mainchesi 32 basi. Koma palibe amene watchulapo mafilimu a kwathu kuno. Kodi alipo amene anayesapo, kapena anthu athu amangofuna zakunja?

Wa shoo ya ku Luwinga:

Achimwene, funso lanulo ndilo ndimayembekezera. Shoo yanga ili kufupi ndi Mzuzu University, choncho ena mwa makasitomala anga ndi ophunzira amene amakonda kutsutsana filimu ikatha. Posachedwapa ndinabwereza kuonera kunyumba The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake, itangopita njala ya 2001 ndi 2002. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo wa mnyamatayo, pomwe William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo Lily Banda wa kwathu konkuno ndiye anasewera ngati mlongo wa William. Ndinaionera ndi abale anga asanu ndi mmodzi. Poyamba onse ankaseka katchulidwe ka Chichewa ka osewera akunjawo, mpaka mlamu wanga ankabwereza mawu ena mokuwa. Koma itafika pamene banjalo layamba kudya kamodzi patsiku, ndi pamene anthu akukanganirana chimanga pamalo ogulitsira, m'nyumba monse munangoti zii. Amayi anga anadzuka n'kupita kukhitchini ngakhale kuti pamoto panalibe kanthu, chifukwa chaka chimenecho anali kumudzi ndipo anaika m'manda mwana wa mchemwali wawo. Palibe filimu ya karate imene ingachite zimenezi kwa munthu.

Choncho sindivomereza kuti anthu athu amangofuna zakunja. Chimene chimativuta ndi kapezedwe kake. Filimu imeneyi ili pa Netflix, ndipo kulipira Netflix kuti muzionera kunyumba sikukupatsani chilolezo cholipiritsa anthu pakhomo, n'chifukwa chake sindinaiike pabolodi. Mafilimu a Shemu Joyah, monga The Last Fishing Boat ya 2012, ya moyo wa asodzi ndi alendo odzaona nyanja, ali ndi mwini wake amene ali m'dziko momwe muno ndipo anawononga ndalama zake popanga. Njira yoongoka ndi kufunsa kwa opangawo kapena ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti atiuze zofunika. Ndikuganiza kuti tikapita ngati gulu la mashoo asanu kapena asanu ndi limodzi a mu Mzuzu, pempho lathu lingamveke kusiyana ndi munthu mmodzi, ndipo tingamasinthane tsiku loonetsa. Ngati alipo ofuna, ine ndilemba kalatayo.

Mayi wa shoo ya ku Zolozolo:

Ine mundilembe pa kalatayo. Koma achimwene a ku Chibavi, pamene tikudikira yankho, gulani kope la masamba 40 ndipo tsiku lililonse muzilemba mtundu wa filimu, ola limene yayamba, chiwerengero cha olowa, ndi chiwerengero cha otsala pomaliza. Nambala yomalizayo ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa munthu amene watuluka pakati walipira lero koma mawa sabweranso. Musaiwalenso makatuni Loweruka m'mawa, pamene ana sali kusukulu ndipo makolo amakondwa kuwadziwa kumene ali.

Wa shoo ya ku Chibavi:

Akuluakulu, papita masabata awiri ndipo ndabwera ndi kope langa. Ndinaika filimu ya ku India masana a Lachisanu, karate yomasuliridwa usiku wa m'kati mwa sabata, ya ku Nigeria ya magawo awiri Lolemba ndi Lachiwiri, ndi makatuni Loweruka m'mawa. Ya ku Nigeria ndiyo yapambana, pakuti gawo loyamba analowa 19 ndipo lachiwiri 26, kusonyeza kuti ena anakafotokozera anzawo. Karate imabweretsa pakati pa 14 ndi 20, ndipo pafupifupi onse amakhala mpaka kumapeto. Ya ku India sinayende monga ku Zolozolo, analowa 7 okha, mwina chifukwa amayi a kwathu kuno sanazolowere kulowa m'shoo yanga, imene aliyense amaidziwa kuti ndi ya mpira. Ndiyesanso kawiri ndisanaisiye, ndipo ndasesa bwino ndi kuchotsa zithunzi zina za osewera pakhoma.

Filimu yanga ya wapolisi ija sindinaitaye. Achimwene a ku Taifa, ngati mungapeze yomasuliridwa ndi munthu amene saulula mapeto, mundisungire, ndidzadutsa Lachinayi popita kukagula mafuta a jenereta. A ku Luwinga, dzina la shoo yanga liikeni pa kalata ija.