Kutsika Khwekhwelere mpaka ku Mua n'kukweranso tsiku lomwelo pa njinga: zingatheke?

WapaBomaDedza

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tilipo asanu kuno ku Dedza amene timapalasa njinga Loweruka lililonse pofuna kulimbitsa thupi, ndipo mtunda umene tidazolowera ndi makilomita 40 kapena 50. Mu Julaye tikufuna tidziyese: kunyamuka pa boma, kutsata M1 mpaka pa Masasa, kutsika msewu wa m'phiri wa Khwekhwelere kukafika pa Golomoti, kulowera ku Mua, kenako kubwerera njira yomweyo tsiku lomwelo. Njinga zitatu ndi zamagiya zija za pakaunjika (matayala a 26), imodzi ndi yamatayala opyapyala, inayo ndi yakuda yopanda magiya. Tinyamuke nthawi yanji? Titenge chiyani? Nanga yakudayo ingafike?

MpalasiWakuBembeke

Achimwene, ulendowu ndi wabwino ndipo ungatheke, koma musaupime ndi makilomita okha. Chimene chidzakuvuteni ndi chitunda. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwa cha Golomoti ndi Mtakataka changokwererapo pang'ono pa Nyanja ya Malawi, yomwe ili pa mamita osafika 500. Ndiye kuti popita mukutaya mamita pafupifupi 1,000 mwaulere, ndipo pobwerera mudzawabweza onse ndi miyendo, nthawi imene mwatopa kale komanso dzuwa lili paliwombo. Ulendo wotere umanyenga chifukwa gawo lophweka limabwera poyamba.

Werengerani motere. Jambulani njira yonse pa foni, pa pulogalamu ya mapu ngati Strava kapena Komoot, muone zinthu ziwiri: kutalika kwa mtunda ndi mamita okwera onse pamodzi. Kupita ndi kubwerera kupitirira makilomita 100 ndithu, ndipo mamita okwera adzaposa 1,000 aja chifukwa M1 pakati pa Dedza ndi Masasa si wathyathyathya, ndi kwera-tsika. Tiyerekeze kuti foni yakuuzani makilomita 120. Gulu ngati lanu pamalo abwino limayenda makilomita 18 pa ola, ndiye ndi maola pafupifupi 7. Pa mamita 500 aliwonse okwera onjezani ola limodzi, ndiye awiri ena. Kupuma, kudya, kutunga madzi ndi kumata chubu, ikani ola ndi theka. Mwafika pa maola 10 ndi theka. Mu Julaye kumayera cha m'ma 6 koloko ndipo dzuwa limalowa cha m'ma hafu 5, ndiye nthawi yotsala ndi yochepa kwambiri. Tcheni chimodzi chikaduka, mwalowa mumdima pa M1.

N'chifukwa chake ndinene kuti gwirizanani ola lobwerera musananyamuke. Ikakwana 10 koloko, kaya mwafika ku Mua kaya mudakali pa Golomoti, tembenukani. Pofika 11 koloko mukhale mutayamba kukwera. Lamuloli likhazikike kunyumba, chifukwa mukakhala kumusi kuja, miyendo ikadali yopepuka, aliyense amati "tangotsala pang'ono".

Kunyamuka kukhale hafu 5, muli ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi malaya owala. Pa M1 yendani mondondozana kumanzere, osati awiriawiri. Mathiraki ochokera pa chipata cha Dedza ndi mabasi a Lilongwe–Blantyre salekerera, ndipo m'malo ena m'mphepete mwa phula mudadyeka, moti tayala likatsikira m'dothi n'kufuna kubwerera paphula mopendeka, limakugwetsa. Mukatsikira m'dothi, chepetsani liwiro kaye, mubwerere paphula mutawongola. Popeza msewu umenewu m'madera ena umayenda m'malire ndi Mozambique, chiphaso cha unzika chikhale m'thumba.

Kuzizira musakupeputse. Mamita 1,000 aliwonse amasintha nyengo ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono, ndiye mudzanyamuka mukunjenjemera n'kukafika kumusi mukutuluka thukuta. Magulovesi ndi kajekete kotchinga mphepo n'zofunika potsika, chifukwa zala zouma ndi chisanu sizigwira buleki bwino. Chiperoni chikagwa, nkhungu n'kutseka phiri, sinthani tsiku.

Pokonzekera muli ndi masabata angapo, agwiritseni ntchito. Onjezani makilomita 10 Loweruka lililonse mpaka mufike 80 kapena 90. Dedza–Ntcheu kudzera pa Lizulu ndi Biriwiri ndi makilomita pafupifupi 75, ndi muyeso wabwino, mukabwerera pa minibasi. Koma chofunika kuposa pamenepo ndi kuzolowera chitunda chenichenicho: lowani msewu wa Masasa, tsikani mphindi 10 zokha, mukwerenso mutayang'ana wotchi. Nthawi imene mupeze pamenepo ikuuzani zoona kuposa foni. Sabata yomaliza musadzitopetse.

MkonziWaPaLizulu

Bambo, ine ndiyankha za njinga zokhazo.

Yakudayo isiyeni kunyumba, ndipo chifukwa chachikulu si kukwera ayi, ndi kutsika. Mabuleki ake a tindodo tachitsulo amagwira limu yachitsulo chosalala, ndipo mame kapena nkhungu zikanyowetsa limuyo, njinga imangopita ngati simudagwire kanthu. Pamakona a Khwekhwelere pamenepo ndi pangozi. Pokwera nayonso ndi yolemera: kuzungulitsa pedulo kamodzi kumayendetsa njinga mamita opitirira 5, ndiye mwiniwake adzakankha chitunda chonse wapansi. Abwereke yamagiya.

Zamagiyazo muwerenge mano. Kutsogolo kagiya kakang'ono kakhale ka mano 22 kapena 24, kumbuyo giya yaikulu ikhale ya 32 kapena 34. Pa 22 ndi 34, tayala la 26 limayenda pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 30 pedulo ikazungulira kamodzi, ndipo munthu amakwera atakhala pachishalo pa liwiro la makilomita 5 kapena 6 pa ola osaphulika mtima. Zambiri za pakaunjika zimabwera ndi fuliwilo (magiya akumbuyo) ya mano 14–28 ndi kagiya ka 28 kutsogolo. Zimenezo zimakwera, koma mawondo amamva. Alipo mafuliwilo amene giya yake yomaliza ndi ya 34, ndi otchipa kusiyana ndi kusintha zakutsogolo. Yamatayala opyapyala ndiyo muiyang'anitsitse, chifukwa zotere nthawi zambiri magiya ake ndi a pamalo athyathyathya. Ndipo yesani ngati tcheni chikulowadi pa giya yaikuluyo njinga ili pamsewu, munthu atakwera. Zambiri zimalowa bwino njinga itagadamitsidwa, koma pachitunda zimakana, kapena tcheni chimapitirira n'kugwera m'masipoko chifukwa kasikuluwu kolekezera kadamasuka.

Tcheni muyeze ndi rula. Mfundo 12 zathunthu (mfundo yam'kati ndi yakunja pamodzi n'kuwerenga imodzi) pa tcheni chatsopano ndi masentimita 30.5. Chikatalika ndi mamilimita 3, chatha ndipo chadya kale mano, ndiye pokankha mwamphamvu chimalumpha. Mukasintha tcheni, pitani nacho maulendo awiri tsiku lalikululo lisanafike, chifukwa tcheni chatsopano pa fuliwilo yakutha chimalumphanso.

Mabuleki: mphira zake zikatha mizere, gulani zatsopano. Chotsani timiyala ndi tizitsulo tobayika m'mphiramo, timadya limu. Waya wa buleki akayamba kunyotsoka ngakhale ulusi umodzi pafupi ndi chogwirira, sinthani, amadukira pomwepo. Mukafinya chogwirira chisafike pa handulo. Potsika musagwire buleki mosalekeza. Limu imatentha, mphira zimafewa n'kusiya kugwira, ndipo zigamba zakale pa chubu zimatha kumatuka. Finyani mwamphamvu masekondi angapo, siyani, finyaninso. Liwiro lichepe musanalowe pakona, osati muli m'kati mwake. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, igwiritseni ntchito pamodzi ndi yakumbuyo, thupi mutalikokera kumbuyo kwa chishalo. Imani kawiri kapena katatu potsika, muyandikize dzanja pa limu. Ngati simungaigwire, dikirani izizire. Ngati mabuleki ndi a disc (kambale kachitsulo ka pakati pa tayala), musakakhudze n'komwe, kamawotcha. Siyanani mamita 30 kapena kuposa, ndipo pakona iliyonse yembekezerani mbuzi, mchenga kapena njinga ya makala.

Mpweya: tayala la 26 lalikulu 40 mpaka 50 psi (muyeso wa mpweya pa pampu), lopyapyala 70 mpaka 80 malinga ndi zimene zidalembedwa m'mbali mwake. Mpweya ukachepa, tayala likagunda dzenje chubu imatsinidwa ndi limu n'kubooka mabowo awiri oyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Bowo likakhala mbali yoyang'ana limu, vuto ndi mutu wa sipoko kapena lamba wa m'limu, ndipo mukangoika chubu ina osakonza, ibookanso.

Aliyense atenge machubu awiri a saizi yake. Gulu lonse litenge pampu ziwiri, zigamba ndi solushoni yosatsegulidwa, zochotsera tayala, ma allen key a 4, 5 ndi 6, sipanala ya 10 ndi ya 15, chodulira tcheni, waya mmodzi wa buleki, ndi kachidutswa ka tayala lakale kotchingira m'kati ngati tayala lang'ambika. Onetsetsani kuti pampu ikugwirizana ndi mavaluvu onse. Pa Golomoti okonza njinga alipo, koma chubu ya matayala opyapyala aja musayembekeze kuipeza m'njira.

MlongoWanuWakuNtcheu

Achimwene, zimene anena akuluwa ndikugwirizana nazo, koma pa nthawi ndisiyana nawo pang'ono. Bwanji osaugawa masiku awiri? Tsikani Loweruka mosathamanga, mukaone zosema ndi nyumba yosungiramo chikhalidwe ya Kungoni ku Mua, mugone konko mutakonzeratu malo pa foni, ndipo Lamulungu muyambe kukwera 6 koloko kukadali kozizira. Mishoni ya Mua idayamba mu 1902, si malo oti munthu angogunda pageti n'kutembenuka chifukwa wotchi ikumuthamangitsa. Mukagona kumusi, neti ya udzudzu musaiiwale.

Kaya tsiku limodzi kaya awiri, anthu ambiri pachitunda chotere amagwa ndi njala ndi ludzu, osati kuchepa mphamvu. Imwani theka la lita pa ola kukazizira, ndipo pokwera masana mufike pa mamililita 750. Aliyense akhale ndi malita awiri poyamba chitunda. Dzazani pa Golomoti, musadalire kuti mupeza mjigo pamene ludzu lakugwirani. Botolo limodzi likhale la madzi okha, lina la ORS, madzi a shuga ndi mchere obwezeretsa madzi m'thupi. Ngati mulibe paketi, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Madzi okhaokha tsiku lonse, thukuta likutuluka mpaka malaya kuyera mchere, amabweretsa mutu ndi nseru.

Kudya kuyambe ola loyamba, musanamve njala. Thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola, ndipo nthochi imodzi yapakati ili ndi pafupifupi 25. Ndiye nthochi imodzi ndi kachidutswa ka mbatata yophika pa ola, kapena chitumbuwa, kapena buledi wothira shuga. Mtedza ndi wabwino koma umachedwa kugwira ntchito, musaudalire pachitunda. M'mawa idyani phala ola limodzi musananyamuke. Chimene ndikukanizani ndi nsima yambiri kapena chipisi cha pachiwaya pa Golomoti, kenako n'kuyamba kukwera pomwepo. Mimba ikadzaza mafuta, miyendo imalemera. Tiyi wa shuga ndi sikono zikwanira, nsimayo mukadye kumtunda.

Yang'anani nkhope za anzanu. Wina akayamba kusalankhula, kuyenda mokhotakhota, kunjenjemera manja kapena kukwiya popanda chifukwa, shuga wamuthera. Akhale pamthunzi, amwe chakumwa cha shuga, adye nthochi, mudikire mphindi 15. Koma akasokonezeka mutu, thupi lili lotentha kwambiri, imeneyo si njala: muthireni madzi, mupezereni galimoto apite kuchipatala.

WapaBomaDedza

Zikomo kwambiri nonse. Yakudayo tamva, mwiniwake abwereka ina. Masiku awiri ena a ife sangathe chifukwa cha mapemphero, ndiye mwina ulendo woyambawu tingolekezera pa Golomoti. Funso lotsala: pachitundapo tiyende pamodzi kapena aliyense payekha? Mphamvu zathu n'zosiyana kwambiri.

MpalasiWakuBembeke

Kulekezera pa Golomoti ndi nzeru, Mua mudzamupatse tsiku lake.

Pachitunda chachitali aliyense akwere pa liwiro lake, koma musamwazikane. Wamphamvu akamazengereza dala amatopa, ndipo wofooka akamathamangira mnzake amatha msanga. Muyeso wake ndi uwu: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu, mwakankha kwambiri, tsitsani giya. Lowani giya yopepuka chitunda chisanakukuleni, ndipo posintha fewetsani phazi pang'ono, chifukwa kusintha mukukankha ndi mphamvu zonse ndiko kumadula tcheni. Gwirizanani kuti mphindi 30 zilizonse wakutsogolo aime pamthunzi, pamalo oonekera patali osati pakona, mpaka womaliza afike, ndipo womalizayo apumenso mphindi zake zisanu. Kulakwa kofala n'kwakuti womaliza akangofika, anzake amene apuma kale amanyamuka pomwepo. Pa Mganja, m'njira ya Golomoti–Masasa yomweyo, pakhale pokumana gulu lonse.

Wodziwa kukonza njinga akhale kumbuyo ndi pampu imodzi ndi zida, pampu inayo ipite ndi akutsogolo. Mapu muwasunge m'foni musananyamuke kuti azitseguka popanda netiweki, ndipo foni imodzi ikhale yozimitsa, yosungira moto. Kunyumba musiye munthu amene akudziwa njira yanu ndi ola limene mukuyembekezeka pa Masasa, komanso nambala ya woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto amene mwagwirizana naye kale mtengo. Ndalama zina zikhale zapamanja, zing'onozing'ono, m'kapepala kapulasitiki. Wina akalephera, asasiyidwe yekha pamsewu, mmodzi atsale naye mpaka thandizo lifike.

Mukafika pa Masasa musaganize kuti mwatha, chigawo cha M1 chobwerera ku boma chili ndi zitunda zakezake ndipo nthawi imeneyo magalimoto amakhala ochuluka. Dzazaninso mabotolo, idyani kanthu, valani majekete, ndipo nyali zakumbuyo muziyatse pomwepo ngakhale kudakali kowala.